Ma IF olowana mu Revit: yambani ndi malire aang'ono

Fomula ya maziko a kalasi mu Revit, pulogalamu yojambulira mapulani a nyumba, yagwira tsopano, mtima wakhala pansi. Family (fayilo ya chigawo cha nyumba mu Revit) imene ndinapatsidwa imayenera kukweza maziko molingana ndi pamene madzi osefukira amalekeza, poti kalasi ya ku Makhanga singafanane ndi yomangidwa kumtunda. Koma ukaika madzi a 200 mm kapena 800 mm, maziko ankangotuluka 1050 mm basi.

Amene anaikonza anayamba ndi malire aakulu (Madzi ndi dzina la muyeso wa pamene madzi amalekeza):

if(Madzi < 900 mm, 1050 mm, if(Madzi < 600 mm, 750 mm, 450 mm))

Revit ikangopeza funso loyamba loona imaima pomwepo, IF wam'katiyo siimuyang'ananso. Choopsa n'chakuti madzi akafika 1000 mm, fomula imeneyi imapereka 450 mm, maziko aafupi pamalo pomwe Shire amafika m'chiuno. Uthenga wochenjeza sutuluka, chifukwa kalembedwe kake kalibe cholakwika. Tsiku lathunthu linathera pamenepa, n'kutentha kwa ku Nchalo, ine ndikuwerenga mabulaketi omwe anali bwinobwino. Munthu kutumizira anzake family osaiyesa n'komwe!

Ndinailemba chonchi:

if(Madzi < 300 mm, 450 mm, if(Madzi < 600 mm, 750 mm, 1050 mm))

Manambalawa ndi a ntchito yathu, anu akupatseni injiniya. Mukatha, tsegulani Family Types, pamene pamalembedwa mafomula, muyese madzi a 299, 300 ndi 301 mm, kenako 599, 600 ndi 601. Chizindikiro cha <= mu Revit mulibe. Ngati 300 weniweniyo akuyenera kugwera m'gulu loyamba, lembani not(Madzi > 300 mm).

Za masitepe zinabwera pambuyo. Chiwerengero chake ndi roundup(Maziko / 150 mm); roundup imakweza yankho kufika pa nambala yathunthu. Mukasiya mm ija, mukuthira utali mu parameter (malo osungira nambala) ya Integer, yolandira manambala athunthu okha, ndiye pamatuluka uthenga woti Inconsistent Units. Dzina nalo lilembedwe ndendende: "madzi" ndi "Madzi" n'zosiyana. Komanso Maziko akakhala a Type (nambala imodzi ya mtundu wonse), sangawerenge Madzi a Instance (nambala ya chilichonse pachokha). Onse muwaike ku Instance.

Kunena za mabulaketi aja, ine ndimalembera mu Notepad, IF aliyense pamzere wake, kenako n'kuphatikiza mzere umodzi pomata. Ma IF akapitirira anayi, agaweni m'ma parameter awiri kapena gwiritsani ntchito size_lookup, imene imatenga manambala pa tebulo la mu fayilo ya CSV. Koma musanatumize kwa omanga, yesaninso manambala a m'malire aja, ndiponso madzi oposa 900 mm.