Lole imene inabwera pa njinga yamoto

Inu amene mwayamba kundiitana kuti "a Vírgula" ndikamadutsa pa msika wa Ulongué, ndakumvani, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa mmene ikukambidwira ku malo okwerera basi, akuti ndinakomoka n'kuthiridwa madzi, pomwe ine ndinangokhala pansi.

Kalatayo ndinalemba ndine. Koma mukumbukire kuti pa msonkhano wa gulu lathu la alimi a mbatatesi, apampando atanena kuti kalata yopita kwa mayi wina wa malo odyera ku Lilongwe iyenera kukhala ya Chingerezi kuti tioneke anthu olongosoka, nonse munatembenukira kwa ine, ndipo palibe wina amene anakweza dzanja. Chingerezi changa ndinachiphunzira ku pulayimale kufupi ndi Dedza, m'zaka zimene tinathawira nkhondo ku Malawi, ndipo titabwerera kwathu ku Mozambique pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992, sukulu yotsala ndinaimaliza m'Chipwitikizi. M'mutu mwanga zilankhulo ziwirizi zimagona pa mphasa imodzi, ndipo usiku zimalandana chofunda.

Ndinalemba kuti tili ndi mbatatesi yokwana 12.000 kg. Aliyense amene anaphunzira kuno akudziwa kuti kadontho ndi kamene kamapatula masauzande, ndipo mpatuliro, umene timati vírgula, umasonyeza zidutswa, n'chifukwa chake mtengo wa ndalama zathu za metikali timaulemba kuti 1.500,00 MT. Chingerezi chimachita zosemphana ndi zimenezi: masauzande chimawapatula ndi mpatuliro, zidutswa ndi kadontho. Mayi aja ataona 12.000 anawerenga makilo 12 enieni, mmene imasonyezera sikelo yamagetsi ya mu butchala, ndipo anaganiza kuti alimi a ku Angónia ndi aulemu kwambiri moti akufuna kuti alawe kaye asanagule. Dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, koma kufikira lero palibe amene anafika kumudzi kwathu kudzatiuza kuti tisinthanitse madontho.

Tsiku limene tinapangana, ngolo zinayamba kututa matumba mbandakucha, ndipo dzuwa likutuluka mulu unali utaima m'mbali mwa msewu wopita ku malire a Calómuè, wautali kuposa denga la tchalitchi. Amayi anaphika thobwa. Apampando anavala jekete imene amavala pa maukwati okha, anyakwawa anawaikira mpando pansi pa mtengo, ndipo apongozi anga onse awiri anabwera kudzaona mkamwini wawo wodziwa Chingerezi akulandira lole. Lole iliyonse imene inkatulukira kuchokera ku malire, tonse tinkaimirira, amayi n'kuyamba nthungululu, kenako lole n'kudutsa osachepetsa n'komwe liwiro.

Chakumasana kunaima njinga yamoto. Anatsika mnyamata woonda, mphwawo wa mayi aja wokhala ku Dedza, n'kuvula chipewa, n'kusolola thumba limodzi lopanda kanthu limene anakhalira pa ulendo wonse. Analikung'untha fumbi mosamala, n'kuliongola makwinya, n'kuyang'ana mulu uja kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kubwereranso ku thumba lake. Apampando anamufunsa kuti, "Mwana wanga, lole ili m'mbuyomu?" Mnyamatayo, pokhala wolemekeza akuluakulu, anatembenukadi n'kuyang'ana m'mbuyo mwake kwa kanthawi ndithu, ndipo ife tonse, anyakwawa omwe, tinayang'ana naye limodzi msewu wopanda ngakhale mbuzi. Kenako anati, "Bambo, ine andituma makilo 12. Kaya mundipungulira m'thumba liti?"

Zikanathera pamenepo bwenzi lero ndikuyenda momasuka. Koma mnyamatayo anafunsa kuti mlembi wa gulu ndani, ndipo anthu atandiloza, anabwera n'kunjuta pamaso panga, atanyamula ndi manja awiri jumbo ya mapapaya anayi ndi kabotolo ka mankhwala. Anati, "Amayi akuti pepani kwambiri ndi vuto lija. Akuti muzidya mapapayawa m'mawa musanalawe china chilichonse, ndipo muzimwa madzi ambiri. Akutinso ndikawauze ngati njira yatseguka."

Kalata ija ndinaiyamba ndi kupepesa chifukwa chochedwa kuyankha, ndipo ndinalemba kuti, "I was constipated for two weeks." Kuno munthu akati ali constipado, ndiye kuti ali ndi chimfine, ndipo m'nyengo yachisanu ku Angónia chimfine sichisiya khomo. Anyakwawa atafunsa kuti vuto lake ndi lotani, mnyamata uja anatulutsa foni, n'kuwerenga chiganizocho mokweza, n'kuchimasulira m'Chichewa chomveka bwino kuti ngakhale ogontha apindule: "Akuti anadzimbidwa milungu iwiri."

Panali zii, mpaka apongozi aamuna anatsokomola n'kunena kuti, "Akamwini, milungu iwiri yathunthu mukudya nafe nsima, osatiuza?" Apongozi aakazi anatembenukira mkazi wanga n'kumudzudzula kuti bwanji sankandiphikira therere. Anyakwawa anatchula muzu wina umene unathandiza malume awo, mayi wina anati muzuwo ndi woopsa, ndipo mtsutso wokhudza m'mimba mwanga unatenga nthawi yaitali kuposa msonkhano umene tinakambirana mtengo wa mbatatesi. Ine ndinayesa kufotokoza za chimfine, ndinayesanso kuyetsemula kuti ndipereke umboni, koma mphuno imene inandizunza milungu iwiri yonse inasankha tsiku limenelo kukhala youma.

Madzulo ake mphunzitsi wina wa ku sekondale anapempha kuti aione kalatayo, ndipo anabwera ndi cholembera chofiira ngakhale palibe amene anamupempha kuti achonge. Anapeza kuti ndinalemba potato's ndi nkhodolero, pomwe nkhodolero imeneyo imasonyeza umwini, ndipo mbatatesi zikachuluka amalemba potatoes. Anapeza their pamalo pa there, mawu amene pakamwa amamveka chimodzimodzi. Anapeza kuti liwu loti I ndinalilemba ndi chilembo chaching'ono pakati pa chiganizo, ngati kuti kudzichepetsa ndi mlandu. Pomaliza anaima pa "we pretend to sell", pamene ine ndinkatsatira pretendemos ya Chipwitikizi kutanthauza kuti tikufuna kugulitsa, koma Chingerezi chikuti tikunamizira kugulitsa. Anati n'zodabwitsa kuti mayi aja anatumiza ngakhale njinga yamoto.

Ndinamukumbutsa kuti mu 1992, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la America, Dan Quayle, ali pa sukulu ina ku New Jersey, anauza mwana amene analemba potato molondola kuti awonjezere chilembo cha e kumapeto, makamera akujambula. Ngati mbatatesi inagwetsa munthu wobadwira m'Chingerezi, wokhala ndi alembi ndi alangizi, nanga ine wa m'dimba ndikanalimba bwanji? Mphunzitsiyo anati nkhaniyo ndi yoona, koma bambo amenewo sanatchule za m'mimba mwawo.

Mawa lake apampando anawaimbira foni mayi aja, ndipo zinapezeka kuti kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo amalankhula Chichewa chomwechi chimene timalankhula ku Tsangano ndi ku Ulongué. Anagwirizana zonse mayunitsi asanathe. Lole inabwera sabata yotsatira n'kutenga theka la matumba, ndipo dalaivala, asanafunse n'komwe za katundu, anafunsa kuti wodwala uja ndi uti. Mapapaya aja ndinadyadi, chifukwa anali okupsa bwino, ndipo zimenezo si umboni wa chilichonse.