Tsiku logawa katundu wa amalume ku Mufakose

Lero tinasonkhana m'chipinda chimene amalume ankachita lendi ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, patapita masiku 10 chimwalirire iwo, kuti tikambirane za chuma chamasiye. Sanasiye nyumba kapena wilo. Chimene chinalipo ndi makina osokera a Singer, njinga, bedi, mapoto, masuti awiri ndi ndalama zochepa za mufoni za EcoCash, ndipo tonse tinagwirizana kuti katundu wotereyu sangatipititse kwa maloya.

Nkhani inavuta titafika pa makinawo. Agogo ena a m'bungwe lathu la maliro, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, anakumbutsa anthu kuti kwathu chuma cha malume chimatsata mbumba, choncho woyenera kuwatenga ndine, mwana wa mlongo wa malemuwo. Ndinawamvetsera mwaulemu, koma maso anga anali pa azakhali, mkazi wa amalume, amene anakhala pamphasa atazolika, dzanja lili pa nsalu ya yunifolomu ya sukulu imene amalume anaisiya asanamalize kusoka. Kwa zaka zonsezi iwo ndiwo ankapinda m'mphepete ndi kuika mabatani, ndipo lendi ya chipindachi imachokera pa singano yomweyo. Ndinati, "Agogo, mwambo ndaumva, koma makinawa ndiwo munda wa azakhali, sindingawatenge." Ndinawonjeza kuti kuno ku Zimbabwe, kuyambira 1997, lamulo limapereka katundu wa m'nyumba kwa mkazi kapena mwamuna wotsala ngakhale ukwati utakhala wachikhalidwe, ngakhale kuti mumtima mwanga sindinkafunikira lamulo kuti ndione zimenezi.

Zovala tinagawana mosavuta, mwambo umene anzathu Achishona amautcha kugova nhumbi, ndipo njinga inapita kwa mwana wawo wamkulu. Chilichonse ndinachilemba m'kope, aliyense nasainira, chifukwa mawu a pamaliro amaiwalika msanga.

Chatsala ndi ndalama za mufoni, zimene banja silingangotapa palokha popanda chikalata. Lamulo limafuna kuti imfa ya munthu wosiya katundu idziwitsidwe kwa Master of the High Court, mkulu woyang'anira za chuma chamasiye, pasanathe masiku 14, ndipo chuma chikakhala chochepa iye angasankhe woyendetsa chumacho mwachidule, popanda ndondomeko yaitali. Lolemba m'mawa ndidzakwera kombi ndi azakhali kupita m'tauni, titatenga setifiketi ya imfa, zitupa zathu ndi kope lija.