Sirinji m'manja mwa mwana wanga

Dzulo mwana wanga anabwera kunyumba ndi sirinji, akufayira anzake madzi. Mtima wanga unangoti myuu! Akuti anaitola kuseri kwa chipatala china kuno ku Nkhotakota, pomwe mpanda unagwa ndi mvula.

Ndinapitako. Ng'anjo yowotchera zinyalala inang'aluka kalekale, ndiye amangotaya m'dzenje: mabandeji amagazi, magolovesi, timabotolo ta mankhwala. Mbuzi nazo zili pomwepo, kufukula.

Mayi ena okolopa anandiuza kuti, "Bambo, masingano timaponya m'katoni yachikasu ija, koma ikadzaza tikaiwotchere kuti?" Ndinasowa chowayankha. Iwowa ndi amene amayamba kubayidwa, pomwe matenda a chiwindi a hepatitis B safuna kubayidwa kawiri.

Sirinji ija ndaitsekera m'botolo. Lolemba ndikaionetsa kwa a komiti ya chipatala.