Kuchotsa dzina pafayilo sikubisa munthu

Sabata ino zambiri zinali za masiku onse: kusesa deta, kutaya mizere ya GPS yolumphira m'madambo, kulimbana ndi magetsi, kuimbira akabaza amene mafoni awo asiya kutumiza. Ntchito yathu ndi iyi. Anyamata a njinga zamoto amaika app pafoni, kachipangizo ka m'fonimo kotchedwa accelerometer kamamva kugwedezeka, GPS imalemba malo, ife n'kujambula mapu a maenje a m'misewu ya mu Lilongwe.

Lachitatu ndi limene landisowetsa mtendere. Abwana anandiuza kuti nditumize fayilo yonse, momwe ilili, kwa anzathu ena amene timagwira nawo ntchito. "Mayina tinachotsamo kale, vuto lili pati?" Ndinawapempha kuti akhale pansi, n'kutsegula pamapu nambala imodzi yokha yoimira kabaza mmodzi. Mzere uja umanyamuka pakhomo limodzimodzi kusanache, usiku n'kubwerera pomwepo. Lamlungu ukuima patchalitchi. Tsiku lina waima m'mawa wonse pachipatala, kuseri kumene anthu amalandirira ma ARV. Aliyense wa pasiteji yake angangoyang'ana n'kumutchula dzina. Mwana wa eni akeyu anavomera kutithandiza kupeza maenje, sanavomere kuti timuike pambalambanda.

Chimandipweteka n'chakuti nkhaniyi inadziwika kalekale. Mu 2013 ofufuza a ku mayunivesite a MIT ku America ndi Louvain ku Belgium anaunika mayendedwe a mafoni a anthu 1.5 miliyoni, n'kupeza kuti malo anayi okha ndi nthawi yake amakwana kuzindikira anthu 95 mwa 100 alionse. Kuno tili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo MACRA ndiyo ikuyang'anira, koma fomu yathu yopempha chilolezo idakali m'Chingerezi chokhachokha, deta ikuyendabe pa flash kuchoka laputopu iyi kupita iyo, ndipo ndikatchula za seva yotetezedwa (kompyuta yosungirako deta) yankho ndi lakuti ndalama palibe.

Ndinakana kutumiza. Lachinayi ndi Lachisanu ndinangokhalira fayiloyo: kudula poyambira ndi pothera ulendo uliwonse, kusintha nambala ya munthu tsiku ndi tsiku, kuphatikiza zonse pa chigawo cha msewu, n'kuchotsa misewu imene anadutsamo munthu mmodzi kapena awiri okha. Maenje akuonekabe bwinobwino, makomo a anthu sakuonekanso. Abwana anasaina, nkhope itagwa.

Koma app ija ikulembabe malo ngakhale usiku munthu ataweruka. Lolemba ndikumana ndi amene anaikonza, ndipo sindilola kuti tilembe akabaza ena zimenezi zisanatsekedwe.