Sabata ya ulendo wa Uthenga kutsidya kwa Shire

Ulendo wokalalikira ku East Bank, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, timauika pakati pa Ogasiti ndi Seputembala. Nthawiyi madzi a m'Shire ndi a m'Ruo amakhala atatsika, thonje litagulitsidwa, ndipo dzuwa la Okutobala, lija limapyola madigiri 40 kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, limakhala lisanafike. Sabata imene ikufotokozedwa pano ndi ya mlaliki wa mpingo wa mbali ya Bangula, pamene akutenga gulu la anthu 12 kukakhala masiku atatu ku nyumba ya mapemphero ina ya m'dera la Mfumu Mlolo, komwe akhristu ndi ochepa ndipo abusa amafikako mwa apo ndi apo kukadyetsa Mgonero.

Lolemba si tsiku lolongedza. Mlaliki amawoloka yekha m'mamawa, atanyamula kalata ya seshoni (bwalo la abusa ndi akulu a mpingo), n'kukatengana ndi mkulu wa mpingo wa komweko kupita kwa a nyakwawa. Mkuluyo ndiye amayamba kuyankhula, chifukwa ndi mwana wa m'mudzimo. Mlaliki amakhala pansi, kuwomba m'manja, n'kudikira kuti atchulidwe. Zofunsa zilipo zitatu. Kodi a nyakwawa atipatsa bwalo liti? Kodi sabata ino kuli sadaka, msonkhano wa chitukuko kapena kugawa thandizo? Ndipo zinkuzamawu zizimitsidwe nthawi yanji usiku? Funso lachiwirili ndi limene ambiri amaliiwala, ndiye amakafika Lachisanu n'kupeza mudzi wonse uli pa mzere wa chimanga. Za maliro palibe angadziwiretu, koma lamulo lake n'lodziwika: akagwa maliro, pulogalamu yonse imaima, gulu limapita kukakhuza, anyamata amathandiza adzukulu ngati aloledwa, amayi amakakhala ku siwa. Kukhuza kumeneko sikutaya ulendo. Anthu amakumbukira amene adagona nawo pa maliro kuposa ulaliki wa pabwalo.

Tsiku lomwelo ndi bwino kuonana ndi atsogoleri a mipingo ina ya m'mudzimo ndi kuwauza poyera kuti sitinabwere kudzatenga nkhosa zawo. Chigwa chino chidalandira Uthenga kalekale, ku Lulwe ndi ku Chididi, ku Muona ndi ku Nchalo, ndipo ndi midzi yochepa imene ilibe tchalitchi chilichonse. Amene tikuwafuna ndi osapemphera ndi amene adagwa ulesi. Mlangizi wa zaumoyo naye auzidwe, kuti anene mjigo umene madzi ake ali abwino, poti mijigo yambiri kuno ndi ya madzi a mchere.

Lachiwiri ndi la masamu, ndipo apa ndi pamene chidwi cha mpingo pa ntchito ya Uthenga chimabadwa kapena kufa. N'kosavuta kupita kwa mkhristu mmodzi wa golosale pa Bangula kapena wogwira ntchito ku Nchalo n'kumupempha alipire ulendo wonse. Amatha kulipira, ulendo n'kuyenda bwino, koma mpingo umangomva ngati nkhani ya eni. Ife timagawa katunduyo ku milaga, timagulu ta akhristu a mpingo okhala dera limodzi. Mlaga wina ufa, wina nyemba ndi mchere, wina nkhuni ndi sopo, a Mvano mafuta ophikira ndi shuga, achinyamata ndalama ya petulo. Gogo amene wapereka mbale imodzi ya ufa wa mapira amafunsa Lamulungu kuti, "Nanga ana inu, mudayenda bwanji kutsidyako?" Ulendowo wasanduka wake.

Kawerengedwe kake n'kotere. Munthu wamkulu woyenda tsiku lonse amadya pafupifupi theka la kilogalamu ya ufa. Anthu 12 masiku atatu ndi makilogalamu 18, koma timanyamula 25, chifukwa pa mphasa sipalephera kufika eni mudzi, ndipo mlaliki sangadye anthu akumuyang'ana. Nyemba makilogalamu 5, mafuta malita awiri; nsomba ndi masamba tikagula komweko kuti ndalama ina itsale m'mudzimo. Madzi akumwa tiwerengere malita 4 munthu aliyense pa tsiku, ndiye zigubu zitatu za malita 20 zizidzazidwa m'mawa uliwonse n'kuthiramo kolorini. Chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023, ndowa yosambira m'manja ya mpopi ndi sopo sizitsala. Ulendo usakhale mtolo kwa akhristu a kutsidya. Mabanja ambiri kumeneko sanadzukebe bwinobwino chidutsireni namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo mwaulemu wawo angathe kupha nkhuku yotsala yokhayo chifukwa cha alendo. Mkulu wa mpingo auzidwiretu kuti chakudya tabwera nacho, iwo atipatse malo ogona, miphika ndi amayi awiri othandiza kuphika.

Lachitatu, akatha mapemphero a pakati pa sabata, gulu limatsalira. Kusankha anthu 12 amenewa kumafuna mutu. Asakhale a kwaya okhaokha kapena akulu a mpingo okhaokha. Theka akhale amene adapitapo, theka amene sanapiteko, kuti chaka ndi chaka mpingo uziwonjezera anthu odziwa ntchito. Amayi asachepere anayi. Timayenda awiriawiri monga pa Luka 10, ndipo pa awiri aliwonse pakhale mmodzi woyankhula Chisena bwino. Achinyamata a kutsidya Chichewa amachimva, koma agogo ambiri amamasuka m'Chisena, ndipo nkhani ya mumtima munthu amaifotokoza m'chinenero chimene amalirira.

Kenako timayeserera. Mmodzi akhale mwini khomo, awiri afike ndi odi. Aliyense aphunzire kunena Uthenga m'mphindi zitatu ndi mavesi awiri basi, monga Yohane 3:16 ndi Aroma 6:23, atawapeziratu m'Baibulo n'kuikapo kapepala. Zolakwika zimene zimaoneka poyesererapo ndi zomwezomwezo. Wina amayamba kulalikira ali chiimire, asanapatsidwe pokhala. Wina amayankhula mphindi makumi awiri osafunsa ngakhale dzina la mwini khomo. Wina akamva za mitala kapena za kupita kufa (mwambo wogonana ndi wamasiye poti achotse imfa) amayamba kuweruza pomwepo. Nkhani ziwirizi si za pakhomo tsiku loyamba. Mayi wamasiye amene abale a mwamuna akumukakamiza mwambo wa kupita kufa amafunika amayi a Mvano okhala naye pansi, ndi mkulu wa mpingo wokayankhula ndi akubanja ndi a nyakwawa. Mnyamata wongodutsa sangazithe. Za mitala n'za seshoni. Tisamalenso za Mbona, mzimu wa mvula wa makolo: kachisi wake wa ku Khulubvi ali komwe kuno ku Nsanje, ndipo amene angayambe ndi kunyoza za makolo watseka khomo limenelo ndi ena oyandikana nalo. Tinene za Yesu, tiyankhe zimene tafunsidwa, mwaulemu.

Lachinayi timayesa zipangizo zonse pabwalo la tchalitchi, molumikiza ndendende mmene zikakhalire kutsidya. Jenereta ilizidwe kaye yokha mphindi zingapo mpaka kulira kwake kukhazikike, kenako mulumikize zina. Ampulifaya iyatsidwe pomaliza ndipo izimitsidwe poyamba. Zambiri zimapsa pamene petulo akutha, jenereta ikuchita befu magetsi n'kumakwera ndi kutsika, choncho pakhale mnyamata mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana thanki basi, ndipo asathire petulo injini ikulira. Jenereta yaing'ono imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola. Maola atatu usiku kwa masiku awiri, kuonjezapo oyesera ndi a mapemphero a Lamulungu, malita 10 amakwana. Ngati ndi zija zosakaniza petulo ndi oyilo, sakanizirani kunyumba konkuno, osati mumdima. Pulagi yapadera, sipanala yake, thepi yakuda ndi chingwe chachitali cha mamita 30 kuti phokoso la injini likhale kutali ndi anthu. Mabaibulo, timapepala ta Uthenga ndi mankhwala zimangidwe m'majumbo awiriawiri.

Lachisanu mpingo umabwera kudzaperekeza, ngakhale ndi mbandakucha. Abusa amawerenga Machitidwe 13, pamene mpingo wa ku Antiokeya udasanjika manja pa Barnaba ndi Saulo, n'kutchula dzina la aliyense wopita. Mwambowu usachitikire m'vesitile anthu asakuona.

Kuwoloka ndi pa Mtayamoyo, pamene madzi adadula msewu ndi njanji ya ku Chiromo mu 1997. Amene akuchokera ku Chikwawa angathe kuzungulira pa Thabwa n'kutsika ndi msewu wa East Bank, koma kwa ife a ku Bangula njira ndi bwato. Gulu ligawidwe m'maboti awiri, jenereta ikhale pansi pakatikati, munthu asaimirire kapena kulowetsa dzanja m'madzi chifukwa cha ng'ona, ndipo mwini bwato akati anthu akwana, akwana. Pafupi ndi pomwepa, pamene Ruo amathira m'Shire, m'pamene adamwalirira Bishopu Charles Mackenzie mu Januwale 1862. Bwato lawo lidagubuduzika, mankhwala a malungo n'kupita ndi madzi, malungo n'kumupeza alibe chomwa. N'chifukwa chake jumbo ya mankhwala ikhale pathupi la munthu, ndipo aliyense anyamule neti yake. Wina akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe. Kumupempherera kuyendere limodzi ndi mankhwala a LA ngati zapezeka kuti ndi malungo.

Khomo ndi khomo timayamba cha m'ma 3 koloko masana. M'mawa anthu ali ku madimba, masana ali pa mthunzi atatopa. Awiri aliwonse asapitirire makomo asanu kapena asanu ndi limodzi. Amayi kwa amayi. Bambo akapeza mayi ali yekha pakhomo, apereke moni, aitanire ku bwalo, adutse.

Chovuta chachikulu cha zaka zino ndi kope. Chiyambireni madzi osefukira a 2015, kudzanso Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy, munthu wachilendo akatulutsa kope ndi cholembera m'mudzi anthu amadziwa kuti ndi kalembera wa thandizo. Mukalemba dzina osafotokoza, mawa mupeza anthu makumi angapo ali pa mzere, ena atanyamula ziphaso zawo, ndipo akazindikira kuti palibe ufa, mkwiyo wake umagwera mkulu wa mpingo wotsala komweko. Kope likhale m'thumba mpaka kumapeto kwa kucheza. Polemba munene mawu omveka: "Amayi, dzinali tikulembera kuti a mkulu wa mpingo adzakuyendereni ndi kupemphera nanu. Si la chimanga, si la ndalama." Ndipo ngati mpingo uli ndi zovala kapena chakudya chogawa, chipite tsiku lina, kudzera kwa a nyakwawa, kwa ovutika onse mosayang'ana kumene amapemphera. Njala kuno ndi yeniyeni, pali zaka zimene anthu amadya nyika za m'dambo, ndipo si chilungamo kuika Uthenga ndi thumba la ufa pa mphasa imodzi kuti wanjala asankhe.

Usiku ndi kanema ndi ulaliki waufupi. Nsalu yoyera imangidwe ngodya zonse zinayi, chifukwa mphepo ya madzulo imaikupiza. Mwezi ukakhala wathunthu chithunzi chimaoneka chofuwirira, komabe anthu a midzi yakutali amabwera ambiri poti abwerera kukuwala; ife timasankha mwezi. Ulaliki usapitirire mphindi 20, womasulira aime pambali pa mlaliki, ziganizo zikhale zazifupi. Poitana anthu kutsogolo ana amathamangira onse, ndiye aphunzitsi awiri a Sande Sukulu awatengere pambali n'kuimba nawo, kuti akuluakulu apeze mpata woyankhula ndi alangizi. Manja okwezedwa usiku sitiwawerenga. Timawerenga amene abwera m'mawa mwake pa nthawi imene tapangana.

Loweruka m'mawa, pamene mudzi uli ku madimba, ndiye nthawi ya ntchito imene ili yofunika koposa zonse za ulendowu, ngakhale ilibe chinkuzamawu. Mlaliki amakhala pansi ndi anthu atatu kapena anayi a pa nyumba ya mapemphero ija: mkulu wa mpingo, mayi mmodzi wa Mvano, wachinyamata wodziwa kuwerenga. Paja mlendo ndi mame. Mayina onse a m'makope amakopedwa m'kope limodzi lotsala komweko, kugawidwa potengera mbali ya mudzi, ndipo aliyense amatenga mayina osapitirira asanu oti awayendere sabata ziwiri zisanathe. Zikapitirira sabata ziwiri, munthu uja amayamba kuchita manyazi kubwera yekha. Amagwirizananso tsiku la kalasi, amene aziphunzitsa, ndi maphunziro anayi oyamba, amene mlaliki amawaphunzitsa pomwepo kuti aone mmene akachitire. Mabaibulo amene tanyamula sitigawa pabwalo. Amatsala m'manja mwa mkulu wa mpingo kuti azigwiritsidwa ntchito pa kalasi ndi m'milaga. Ngati thumba lalola, ndalama ya matayala ndi machubu a njinga ya mkuluyu ichokere m'bajeti ya ulendo, chifukwa minga ya m'njira za kuno imatha machubu, ndipo njinga ikafa kuyendera anthu kumaima.

Lamulungu timapemphera nawo m'mawa, atsopano amalandiridwa ndi kuonetsedwa amene aziwayendera, ndipo timanyamuka dzuwa likadalipo kuti tisawoloke mumdima.

Lipoti limaperekedwa ku mpingo wonse Lamulungu lotsatira, mkati mwa mapemphero, osati pa zolengeza za kumapeto anthu atayamba kutuluka. Pa Machitidwe 14:27 Paulo ndi Barnaba atabwerera adasonkhanitsa mpingo umene udawatuma n'kuufotokozera zonse. Oyankhula akhale awiri mwa amene apita koyamba, mayi ndi wachinyamata, mphindi zisanu aliyense. Msungichuma awerenge zimene mlaga uliwonse udapereka, zimene zagwiritsidwa ntchito ndi zotsala, mpaka ndalama ya bwato. Zachinsinsi zimene anthu adaulula pakhomo sizitchulidwa. Mlaga uliwonse umapatsidwa mbali imodzi ya mudzi uja kuti uziipempherera pa mapemphero ake, ndipo mlembi wa seshoni amalemba tsiku limene anthu awiri adzawolokenso patatha mwezi, kukaona kope lija ndi kumva mmene kalasi ikuyendera. Mayina a ofuna kudzapita ulendo wotsatira amalembedwa tsiku lomwelo, pakhomo la tchalitchi, anthu asanabalalike.