Ulendo Wokaona Nyama ku Lingadzi

Mwana wanga wamkazi, yemwe ali mu Sitandade 2, analandira buku la zithunzi kuchokera kwa azakhali ake, amene analigula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale ku Old Town, mumzinda wa Lilongwe. Bukulo limasimba za bambo wina wa chipewa chachikulu amene amatenga mwana wake m'bandakucha n'kukakhala naye chete m'tchire, ndipo pa tsamba lililonse nyama zimatuluka mwaulemu n'kudzaima patsogolo pawo kuti azione bwino. Bambo ameneyu satuluka thukuta, salumidwa ndi kanthu, ndipo dzina la mbalame iliyonse amalidziwa. Ndinkamuwerengera mwanayo madzulo aliwonse mpaka funso limene ndinkaliopa linafika: "Adadi, nanga inu mudzanditenga liti?"

Iye ankafuna njovu, chifukwa aphunzitsi awo anawauza kuti m'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Nditawerengera ndalama ya ulendo wa ku Kasungu, ndinamufotokozera kuti katswiri weniweni amayambira pa nyama zing'onozing'ono, ndipo tinagwirizana zopita ku nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, kumene kumapezeka apusi, agwape ndi mbawala, komanso kumene munthu amafikako pa minibasi.

Linali Loweruka la mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Ndinavala chipewa cha mlaza ndi thalauza yanga yakutchalitchi, pofuna kuti ndisachepe pamaso pa bambo wa m'buku, ndipo mayi akunyumba anatiikira mandasi m'jumbo. Tisanalowe m'nkhalango ndinakhazikitsa lamulo ndi mawu aukulu: wopenya nyama salankhula ndipo sagwedezeka, ngakhale ntchentche imutere pamphuno.

Sitinayende mtunda wautali tisanaone gwape akudya msipu patsidya pa kachitsamba. Ndinapatuka m'njira, n'kugwada mu udzu wonyowa monga mmene amachitira mnzanga uja pa tsamba lachisanu, ndipo mtima unadzaza ndi kunyada. Mwanayo anandikoka malaya n'kunong'ona kuti, "Adadi." Ndinamuloza chala pakamwa. Anandikokanso, ndipo ndinamuyang'ana ndi diso la ukali. Pokhala mwana womvera, anatseka pakamwa, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumangoloza pansi mwakachetechete.

Amene anakulira kumudzi akudziwa khalidwe la linthumbwi. Nthawi ya dzinja tinyerere timeneti timayenda pamzere wakuda wautali, ndipo tikapeza mwendo wa munthu sitifulumira kuluma pakakolo ayi. Timakwera mwaulemu, tambirimbiri, mpaka titafika kumalo amene sindingawatchule pano, ndipo pamenepo m'pamene tonse timaluma nthawi imodzi. Tina tamitu ikuluikulu tikagwira sititaya, moti ukakoka thupi limaduka koma mutu umatsalira pakhungu. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana ku Dowa, koma m'bukumo pansi pamene bambo uja amagwada pamakhala maluwa okhaokha.

Mfuu imene ndinakuwa ndikukhulupirira kuti inamveka mpaka ku Capital Hill. Gwape anazimiririka. Ndinadumpha n'kuyamba kuponda pansi ngati wovina ingoma, kwinaku ndikudzimenya m'ntchafu, koma posakhalitsa ndinazindikira kuti nkhondo imeneyi munthu saipambana atavala thalauza. Ndinathamangira kuseri kwa mtengo umene ndinauona pafupi, womwe mwatsoka unali wowonda kuposa ine, ndipo ndili pakati povula, gulu la amayi a mpingo wina amene anabwera kudzacheza ndi ana a Sande Sukulu linatulukira pokhota njira.

Achitsikana anatembenuza nkhope mapewa akugwedezeka. Mayi wina wachikulire yekha ndiye sanachite mantha. Anaima chapatali n'kunena mofatsa kuti, "Pepanitu bambo. Yambirani m'chiuno kutsika pansi, ndipo mituyo muzule bwinobwino." Ndinayankha kuti, "Zikomo amayi," thalauza ili m'manja, chipewa chili kumutu.

Pa nthawi yonseyi jumbo ya mandasi inali pansi, ndipo apusi anatsika m'mitengo n'kudzagawana pamaso pa mwana wanga, yemwe anawaonera pafupi kwambiri, kuphatikizapo kamwana kamene kanakakamira pamimba pa amake. Mu minibasi anandiuza kuti ulendowu waposa wa m'buku, ndipo anafunsa chifukwa chimene ndinkakanira kukhala pampando.

Lachitatu lotsatira ndinapita kukamutenga kusukulu. Aphunzitsi ake atandiona pachipata anafunsa ngati ndine bambo ake, kenako anandifunsa mwaulemu wopitirira ngati ndachira. Anali atawauza ana kuti ajambule nyama zakutchire zimene anazionapo, ndipo pakhoma la kalasi, pakati pa mikango ndi njovu za anzake, panali munthu wa chipewa, miyendo ili m'mwamba, thupi lonse lili madontho akuda. Chithunzicho chinapeza malikisi onse, ndipo aphunzitsiwo akuti chikhala pomwepo mpaka teremu itatha.