Funso la mayi a ku Cregneash

Tulo takana. Ndili pabedi muhotela kuno ku Douglas, zenera ndatsekula pang'ono, mafunde akumveka kunjaku. Anzanga a pabasi atsikira pansi kukamvera woimba, ine ndatsala. Pali funso lomwe mayi ena andifunsa masanawa, ndipo likungondizungulira m'mutu.

Lero ndi tsiku lachitatu chifikireni pachilumba cha Isle of Man, pakati pa England ndi Ireland. Pabasi yathu ambiri ndi agogo opuma pantchito ochokera ku Yorkshire ku England, wakuda ndine ndekha, koma andilandira bwino. M'mawa tinakwera sitima yoyendera malasha kuchoka ku Douglas kupita ku Port Erin, makilomita ngati 25, panjanji yomwe anaitsegula mu 1874. Mabogi ake ndi amatabwa, chitseko chilichonse ndi kachipinda kake. Ndinasuzumira pazenera, kamwaye kanandigwera m'diso, fungo la malasha lili guu. Dzulo tikukwera phiri la Snaefell pasitima yamagetsi ya mu 1895, bambo ena okonda za sitima anandiuza kuti njanji ya kumeneko m'lifupi mwake ndi mafiti 3 ndi mainchesi 6, chimodzimodzi ya kwathu. Ndinakumbuka ulendo wa ku Balaka ndi agogo anga, tikugula nzimbe pazenera. Ndiye kuti kuyambira dzulolo mtima unali utayamba kale kulowera kumudzi.

Ku Port Erin basi inatitenga mpaka ku Cregneash, kamudzi ka kumwera kwenikweni kwa chilumbachi. Tinyumba toyera, tofolera ndi udzu, udzuwo womangidwa ndi zingwe zokoledwa pamiyala yotuluka m'khoma kuti mphepo ya panyanja isasasule. Nkhosa zake ndi zofiirira, zina za nyanga zinayi. Nditalowa m'kanyumba ka Harry Kelly, bambo amene ankakhala m'mudzimu kale, komwe anakatsegulira alendo mu 1938, fungo la utsi linandifikitsa kukhitchini kwa amayi.

Mayi ogwira ntchito kumeneko anatilonjera kuti "fastyr mie", moni wamasana m'Chimanx, chilankhulo cha makolo cha pachilumbachi. Anatiuza za Ned Maddrell, msodzi amene anakulira m'mudzi womwewu ndipo anamwalira mu Disembala 1974 ali ndi zaka 97. Iyeyu ndiye anali womaliza mwa anthu oyamwira Chimanx. Mawu ake alipobe chifukwa mu 1948 anthu a ku Ireland anabwera ndi makina n'kujambula okalamba ochepa amene anatsala. Mayiwo anati palibe msilikali anabwera kudzalanda chilankhulo chawo. Makolo okha, poona kuti ntchito ndi ndalama za alendo ochokera ku England zili m'Chingerezi, analeka kuyankhula Chimanx ndi ana awo. Ankachita izi powafunira zabwino.

Gulu litatuluka kukaona nkhosa, ine ndinatsalira. Anandifunsa kwathu, ndinati ku Malawi. Anati, nanga inu moni wamasana mumati chiyani? Ndinati "mwaswera bwanji". Anayeserera katatu mpaka anakhoza, tonse tinaseka. Kenaka anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndili ndi ana, ndiponso ngati amayankhula chilankhulo changa.

Ndinati mwana wanga wamkazi amamva.

Sananene zambiri. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti agogo awo nawonso ankamva, koma bambo awo sanatole ngakhale liwu limodzi, iwowo Chimanx achiphunzira m'kalasi atakula kale.

Pabasi pobwerera ndinakwiya, sindinama. Ndimati mumtima, mayiwa akufanizira bwanji Chichewa ndi chilankhulo cha kachilumba ka anthu osafika 100,000? Ife tilipo mamiliyoni, ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, Chichewa sichikupita kulikonse. Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa iwo sanandifunse za Malawi. Anandifunsa za m'nyumba mwanga.

M'nyumba mwanga muli motere. Mwanayu ali ndi zaka 14, anabadwira ku Leeds. Ine ndi bambo ake Chichewa timachitulutsa tikafuna kubisa nkhani ya ndalama, kapena ndikamamukalipira. Ndiye mawu omwe amawadziwa bwino ndi "khala pansi", "usandiyankhe", "tsuka mbale". Lamlungu ndikaimbira amayi pa WhatsApp, amati "mundipatse mdzukulu wanga". Iye amatenga foni, amati "ndili bwino agogo, kaya inu", kenaka zii. Amayi amayankhula okha, amamuuza za chimanga, za mbuzi yomwe yaswa, iye akungomwetulira uku akundiyang'ana kuti ndimulanditse. Foni ikabwerera kwa ine amayi amati "wakula", basi. Sanadandaulepo. Lero ndi pomwe ndamva kulemera kwa kusadandaula kwawoko.

Ndipo ndikudziwa komwe zinayambira. Ifeyo kusukulu tinkalangidwa tikagwidwa tikuyankhula Chichewa. Nditafika ku England ndinkaopa kuti mwana wanga adzasekedwa, adzatsalira m'kalasi. Ndinkabwera kuntchito yausiku nditatopa, Chingerezi ndicho chinali chachidule poti ankachimva msanga. Ndimamufunira zabwino, monga makolo a ku Cregneash aja.

Wotitsogolera anatiuza kuti ku St John's, pafupi ndi kachulu ka Tynwald komwe anthu a pachilumbachi amalengezera malamulo awo pa 5 Julaye chaka chilichonse, kuli sukulu yapulaimale ya Bunscoill Ghaelgagh yomwe imaphunzitsa ana m'Chimanx kuyambira mu 2001. Mu 2009 bungwe la UNESCO litalemba kuti chilankhulochi chinafa, ana a pasukuluyi analilembera makalata m'Chimanx chomwecho, ndipo linasintha mawu ake. Lero oposa 2,000 amachidziwa. Anzanga pabasi anaomba m'manja. Ine ndimangoganiza za Ned Maddrell paukalamba wake, anzake oyamwira nawo atatha onse.

Mawa akuti tinyamuka 9 koloko kupita ku Laxey kukaona chigudumu chamadzi cha mu 1854, chomwe chinkapopa madzi m'migodi. Ndiyenera kugona.

Ndamulembera mwanayo uthenga m'Chichewa chokhachokha, koyamba m'moyo wake. Ndamufunsa ngati wadya, ndamuuza za nkhosa za nyanga zinayi, ndamuuza kuti ndamusowa. Zikuonetsa kuti wawerenga. Kwa kanthawi zimaoneka kuti akulemba, kenaka wasiya. Foni ndaiika pafupi ndi pilo.